"Wapezeka Wolakwa": Kuunika Kamasuliridwe ka Mau a Milandu ya Ana ku Mzimba

1. Chiyambi

M'nkhani ino tifuna kuunika mau oŵerengeka chabe amene amamveka pamene mwana waimirira pamaso pa woweruza. Tasankha boma la Mzimba chifukwa kumeneko vuto la kumasulira limaonekera poyera: lamulo linalembedwa m'Chingerezi, wapolisi amene wagwira mwanayo angathe kumufunsa m'Chicheŵa, pamene mwana mwini wakeyo ndi makolo ake amalingalira m'Chitumbuka. Chingoni, chimene anthu a M'mbelwa anafika nacho kuderali cha m'ma 1850, chinatsalira m'nyimbo, m'maina a maudindo ndi m'maina a malo monga Edingeni, Embangweni ndi Engucwini, onse oyamba ndi e- ndi kutha ndi -ni posonyeza malo. Chiyankhulocho chinazilala, koma mwambo wa Angoni pa nkhani ya mwini mwana ukalipo, ndipo tidzaona kuti umaloŵerera pa tanthauzo la mau a m'bwalo.

Chimene tikutsutsa ndi ganizo lofala pakati pa ife okonza ziyankhulo, lakuti vuto la mabwalo lidzatha tsiku limene tidzasindikiza mndandanda wa mau, la Chingerezi kumanzere, la Chicheŵa kapena la Chitumbuka kumanja. Mndandanda wotere uli ndi ntchito yake. Koma pa milandu ya ana ungathe kubwezeretsa chinthu chenichenicho chimene opanga lamulo anafuna kuchichotsa.

2. Mau amene lamulo linaletsa

Mu 1933 nyumba ya malamulo ya ku London inakhazikitsa lamulo lotchedwa Children and Young Persons Act. Mwa zina, lamulolo linaletsa mau aŵiri, "conviction" ndi "sentence", pa milandu ya ana yozengedwa m'mabwalo aang'ono, ndipo linaika m'malo mwake "finding of guilt" ndi "order". Dziko la Malaŵi linali ndi lamulo la dzina lomwelo la 1969, limene linaloŵedwa m'malo ndi Child Care, Protection and Justice Act mu 2010. Lamulo la 2010 linapitirira pamene Angerezi analekezera: ndime 86 inaletsa ngakhale liu lakuti "guilty". Bwalo liyenera kulemba kuti mwana wapezeka "responsible", ndipo m'malo momupatsa "sentence" liyenera kupereka "order". Lamulo lomwelo limaletsa kuika mwana m'ndende pa mlandu uliwonse.

Cholinga chake n'chosabisika. Mwana amene watchedwa chigaŵenga ali ndi zaka 13 amayenda nalo dzinalo kusukulu, kumudzi, kufikira pofunsira ntchito. Opanga lamulo anakhulupirira kuti liu limamata pa munthu, ndipo ife a maphunziro a ziyankhulo sitingawatsutse pamenepo. Chimene sanachiganizire ndi chakuti mau amene analetsa ndi a Chingerezi, ndipo mau amene anaika m'malo mwake ndi a Chingerezinso. Mwana wa ku Engucwini samva ngakhale limodzi la mauŵa. Iye amamva chimene womasulira wanena. Malamulo Aakulu a dziko a 1994, m'ndime 42, amapatsa woimbidwa mlandu aliyense ufulu wakuti mlandu wake uzengedwe m'chiyankhulo chimene amamva, kapena kuti umasuliridwe boma litalipira. Ufulu umenewu umatsimikiza kuti womasulira adzakhalapo. Sunena kanthu za mau amene iye adzasankha.

3. Njira zinayi zonenera chinthu chimodzi

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 13, woŵeta ng'ombe, amene akumunenera kuti anatenga mbuzi ya mwini nakaigulitsa. Wabwera naye kuboma, ndipo umboni wamveka. Woweruza wanena m'Chingerezi kuti mwanayo ndi "responsible". Womasulira, amene alibe nthaŵi yolingalira, ali ndi njira izi:

(1) Bwalo lakupeza wolakwa.
(2) Bwalo lapeza kuti uli ndi udindo pa mlanduwu.
(3) Mlanduwu wakugwera.
(4) Bwalo lapeza kuti unachitadi zimene akukunenerazi.

Chiganizo (1) ndicho chimabwera msanga pakamwa, popeza ndicho chimene womasulira amanena tsiku ndi tsiku pa milandu ya akuluakulu, ndiponso ndicho chimene wailesi ndi nyuzipepala zinazoloŵetsa anthu. Koma "wapezeka wolakwa" ndiko kumasulira kokhazikika kwa "guilty", liu loletsedwa lija. Ndime 86 yatsatidwa m'kaundula wa bwalo, koma yaswedwa m'khutu la mwana.

Chiganizo (2) ndicho chimene mndandanda wa mau ungatipatse, pakuti otanthauzira mau ambiri amalumikiza "responsibility" ndi "udindo". Tsoka lake, udindo m'Chicheŵa ndi ntchito kapena mpando umene munthu wapatsidwa: udindo wa unyakwaŵa, udindo wolera ana. Umayang'ana kutsogolo, ku zimene munthu ayenera kuchita, pamene "responsible" wa m'ndime 86 amayang'ana kumbuyo, ku chimene chinachitika kale. Mwana womva (2) angaganize kuti bwalo lamupatsa ntchito. Chiganizochi n'cholondola mwa galamala, koma palibe Mcheŵa amene anachinenapo asanaphunzire Chingerezi.

Chiganizo (3) ndi Chicheŵa chenicheni, ndipo n'chifukwa chake chili choopsa. Pabwalo la kumudzi, limene Atumbuka amalitcha mphala, funso lalikulu silikhala lakuti mtima wa wochitayo unali wotani, koma lakuti alipire ndani. Ng'ombe zikadya chimanga cha mwini, mlandu sugwera mnyamata woŵeta. Umagwera atate ake kapena mwini khola. Ku Mzimba, kumene ana ndi a kuchimuna chifukwa cha malobolo, izi n'zodziŵika kwa aliyense. Tsono bambo wokhala kumbuyo m'bwalo akamva kuti mlandu wagwa, iye amamva kuti nkhani yatsala ya chipepeso, ndipo amayamba kuŵerenga mbuzi zake. Akamva pambuyo pake kuti mwana akutengedwa kupita kutali, amaona ngati bwalo lamunamiza. Palibe amene wanama. Liu lakuti "mlandu" lanyamula malamulo a mitundu iŵiri nthaŵi imodzi.

Chiganizo (4) n'chachitali ndipo sichikoma m'kamwa, koma ndicho chokha chimene chimanena zimene lamulo likunena: chinthu chinachitika, wochichita ndi uyu, ndipo bwalo silinamupatse dzina. Onani kuti (4) si liu lolingana ndi liu lina. Silingaloŵe m'ndandanda wa mizere iŵiri. Ndi chiganizo chathunthu, chokhala ndi mneni pamene Chingerezi chinali ndi mfotokozi, ndipo mwina phindu lake lagona pamenepo: mfotokozi amakhala pa munthu, mneni amakhala pa ntchito imene yachitika.

4. "Ndalakwa"

Pano tiyenera kukhalitsa, chifukwa vuto la liu lakuti "kulakwa" limayamba mlandu usanafike pa chigamulo. Tsinde lakuti -lakwa n'lotambalala kwambiri. Mwana amene wasokoneza samu walakwa. Amene waponda phazi la mnzake mosaona walakwa. Amene waba walakwa, amene wapha walakwanso. Chitumbuka chili ndi mau aŵiri, kubuda ndi kwananga, loyambalo lopendekera ku kuphonya, lachiŵirilo ku kuononga ndi kuchimwa. Koma womasulira amene akuchokera ku Chingerezi kudzera m'Chicheŵa cha m'mutu mwake wataya kale kusiyanako asanafike ku Chitumbuka.

Choposa apa, "ndalakwa" si chiganizo chongofotokoza. Ndi mau a ulemu. Mwana woleredwa bwino, akaitanidwa pamaso pa akuluakulu amene nkhope zawo zakwiya, amagwada nanena kuti "ndalakwa", nkhani isanafotokozedwe n'komwe. Potero sakuvomera kuti anatenga mbuzi. Akuvomera kuti iye ndi mwana, iwo ndi akulu, ndipo kuwasonkhanitsa kotereku n'kolakwika kale. Kutsutsa wamkulu pagulu ndiko kumene mwana anaphunzitsidwa kupeŵa chiyambire. Tsono funso lakuti "Kodi ukuvomera kuti unalakwa?" lili ndi yankho limodzi lokha kwa mwana wamwambo, ndipo amene angayankhe kuti "iyayi" ndi mwana wamwano. Kafunsidwe kotere kamalanga ulemu.

Wina angati izi n'zazing'ono. Koma lamulo la 2010 linaika njira yotchedwa "diversion", yochotsera mlandu wa mwana m'bwalo kuti uthe mwa njira zina, monga kupepesa, kubweza chinthu, kapena kuyang'aniridwa. Ndipo khomo loloŵera m'njira imeneyi ndi lakuti mwana avomere yekha, popanda kumuumiriza, kuti anachita chinthucho. Ngati kuvomerako kwapezeka ndi funso la "kulakwa", sitidziŵa chimene mwana wavomera. Mwana wosachita kanthu angabweze mbuzi imene sanaione. Funso loyenera liyenera kutchula ntchito, tsiku ndi malo: "Kodi mbuzi ija unaitenga ndiwe, Loŵeruka lija, kudambo?" Limeneli mwana angaliyankhe "iyayi" popanda kunyoza munthu.

Liu la "diversion" lenilenilo likusoŵabe mnzake wokhazikika. "Kupatutsa mlandu" n'kolondola pa chithunzi cha njira, koma m'makutu a wodandaula kumamveka pafupi ndi kuzembetsa mlandu, ndipo mwini mbuzi adzafunsa kuti wapolisi wadya zingati. "Kuthetsa mlandu" kumauza kholo kuti zonse zatha, pamene mwana akalephera zimene walamulidwa mlandu ungabwerere m'bwalo. Ife tingakonde "kukonzera mlandu kunja kwa bwalo", popeza "kukonza" kumasunga ganizo lakuti pali china choonongeka ndi ntchito yotsala.

5. Phunziro lochokera ku Italy

Kuti tisaoneke ngati tikunena kuti ziyankhulo zathu n'zopereŵera, tiyeni tione vuto lomweli pakati pa ziyankhulo ziŵiri za ku Ulaya zimene zili ndi mabuku a malamulo a zaka mazana ambiri. Dziko la Italy linakhazikitsa mabwalo apadera a ana mu 1934, ndipo mu 1988 linakonza dongosolo latsopano lozengera milandu yawo, lodziŵika ndi nambala 448. M'ndime 28 ya dongosololi muli chinthu chotchedwa "messa alla prova", ndiko kunena kuti kuika pa mayeso. Woweruza amaimitsa mlandu usanagamulidwe, napereka mwanayo kwa ogwira ntchito zosamalira anthu kwa nthaŵi yosapitirira chaka chimodzi, kapena zaka 3 pa milandu ikuluikulu. Mwana akachita bwino, bwalo limalengeza kuti mlanduwo wafafanizika.

Omasulira ambiri amatembenuza mauŵa kukhala "probation", ndipo maonekedwe a mau amawakopa, popeza "prova" ndi "probation" n'zochokera ku tsinde limodzi la Chilatini. Koma "probation" ya ku England, kuyambira pa lamulo la 1907, imadza bwalo litakhutira kale kuti munthuyo anachita mlanduwo. Mngerezi woŵerenga kuti mnyamata wa ku Napoli anali pa "probation" adzamva kuti anapezeka ndi mlandu, pamene ku Italy kuja chigamulo chotero sichinaperekedwe. Kusiyana kwagona pa nthaŵi, ndipo mtanthauziramau sasonyeza nthaŵi.

Chimodzimodzi "perdono giudiziale" ya m'ndime 169 ya malamulo a milandu a dzikolo. Ikamasuliridwa kuti "pardon", womva amaganiza za mtsogoleri wa dziko womasula mkaidi. Koma pano ndi woweruza amene, ataona kuti mwana wosafika zaka 18 anachitadi chinthucho, amaleka dala kumugamula, pokhulupirira kuti sadzabwerezanso. Ndipo mwaŵi umenewu umaperekedwa kamodzi kokha. Chingerezi chilibe liu lake chifukwa England alibe chinthucho. Omasulira osamala amasiya liu la Chitaliyana monga liliri naonjezera chiganizo cholifotokoza. Palibe amene amati Chingerezi n'chosakhwima chifukwa cha zimenezi. Koma Chicheŵa chikafuna chiganizo chathunthu pofotokoza "responsible", timathamangira kunena kuti chiyankhulo chathu chilibe mau a zamalamulo, ndi kuyamba kupeka liu latsopano limene ngakhale womasulira sadzalikumbukira.

Italy atithandizanso pa nkhani ya msinkhu. Kumeneko mwana wosafika zaka 14 saimbidwa mlandu, ndipo wa pakati pa 14 ndi 18 amaimbidwa pokhapokha bwalo litaona kuti anali ndi mphamvu ziŵiri, yozindikira ndi yofuna mwa iye yekha. Kwathu kuno malire oyamba anali zaka 7, ndipo anakwezedwa kufika zaka 10. Mwana wosafika zaka 14 saŵerengedwa wamlandu pokhapokha zitatsimikizika kuti anali wokhoza kudziŵa kuti sayenera kuchita chinthucho. Nanga womasulira afunse bwanji mboni? Akati "Kodi mwanayu ali ndi nzeru?", kholo lililonse lidzati inde, ndipo mphunzitsi adzatchula mayeso amene mwanayo anakhoza; m'Chitumbuka liu lakuti mahara lili ndi msampha womwewo. Akati "Kodi ndi wamkulu?", mboni idzaganiza za kutha msinkhu. Kholo limene likuyamikira mwana wake silidziŵa kuti likumutsekulira khomo la mlandu. Liu lakuti "mwana" nalonso silinakhale pamalo amodzi ngakhale m'malamulo enieniwo: la 2010 linaika malire pa zaka 16, ndipo mu 2017 Malamulo Aakulu anasinthidwa kuti mwana akhale aliyense wosafika zaka 18.

6. Chotsutsa chimene sitingachizembe

Pali funso limene womasulira wachilungamo angatifunse. Inu mukuti ndisanene "chilango", ndinene "dongosolo la bwalo". Ndisanene "ndende", ndinene "sukulu yosinthira khalidwe". Koma mwanayu akupita ku Mpemba, ku Blantyre, kapena ku Chilwa, ku Zomba, makilomita oposa 500 kuchokera kwawo, kumene sangatuluke mwa kufuna kwake ndiponso kumene Chitumbuka sichimveka kaŵirikaŵiri. Makolo ake akati "ndende ya ana", kodi alakwitsa?

Sitiyesa kuti alakwitsa kwenikweni. Mu 2018 Bwalo Lalikulu linalamula kuti ana amene anali m'ndende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedwemo, zaka 8 chikhazikitsire lamulo loletsa kumanga ana. Dzina limene anthu wamba amapatsa malo ndi umboni wa zimene aona, ndipo wokonza chiyankhulo amene amafuna kulichotsa ndi chikalata akugwira ntchito yosakhala yake. Motero sitikupempha womasulira kuti akometse zoŵaŵa. Kholo liyenera kumva momveka kuti mwana akuchoka, akupita kuti, adzakhala nthaŵi yaitali bwanji, ndipo lingamuone liti. Chimene tikukana ndi chakuti womasulira aonjezere yekha chimene bwalo silinanene. "Chilango" chimauza mwana kuti cholinga ndi kumumvetsa kuŵaŵa. Lamulo likuti cholinga ndi china. Ngati malowo sakukwaniritsa cholingacho, wodzudzulidwa akhale boma, ndipo kholo lingadzudzule bwino likadziŵa chimene linalonjezedwa. Kholo limene linauzidwa kuti "walangidwa, akupita kundende" lilibe chodandaula nacho, pakuti lalandira chimene linauzidwa.

Pa liu la "order" tingonena mwachidule. "Lamulo" limasokonezeka ndi lamulo la dziko. "Chigamulo" n'chabwinopo, chifukwa chimanena za kudula nkhani osati za kupweteka munthu, ngakhale kuti nacho chazoloŵereka pa milandu ya akuluakulu. Pamene tingathe, mneni atithandizenso: "Bwalo lagamula kuti uchite zakutizakuti."

7. Kwa okonza ziyankhulo

Mbiri ya ntchito yathu ikufotokoza chifukwa chake Mzimba ali pamavuto aŵiri. Chigamulo cha 1968 chinakweza Chicheŵa kukhala chiyankhulo cha fuko ndi kuchotsa Chitumbuka pa wailesi ndi m'sukulu. Chichewa Board, imene inakhazikitsidwa mu 1972, inagwira ntchito ya chiyankhulo chimodzi chokha. Chitumbuka chinabwerera pa wailesi mu 1994, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inayamba mu 1996, inapatsidwa ziyankhulo zonse za m'dziko. Koma zaka 26 za kukhala chete zinasiya mpata, kotero kuti womasulira wa ku Mzimba nthaŵi zambiri amabwereka liu la Chicheŵa limene nalonso linabwerekedwa mopupuluma. Pascal Kishindo analemba mu 2001 zolimbikitsa kuti ziyankhulo za m'dziko muno zigwiritsidwe ntchito m'mabwalo, ndipo tikugwirizana naye. Tikungoonjezera kuti ngakhale tsiku limenelo litafika, funso la "ndalakwa" lidzakhalapobe, popeza silichokera ku Chingerezi.

Chimene womasulira akusoŵa, m'kuona kwathu, ndi kabuku ka ziganizo zathunthu, kotsata ndondomeko ya mlandu kuyambira kupolisi kufikira pa chigamulo, kolembedwa m'Chicheŵa ndi m'Chitumbuka payekhapayekha kuchokera ku lamulo lenilenilo, osati china kumasuliridwa kuchokera ku chinzake. Chiganizo chilichonse chiyesedwe pa ana a msinkhu umenewo ndi pa makolo, powafunsa kuti abwereze m'mau awoawo zimene amva. Kabukuko kanene poyera mau oyenera kupeŵedwa ndi chifukwa chake. Kasaiŵalenso liu la "guardian": kwa Acheŵa womuyankhulira mwana angakhale atsibweni ake, mwini mbumba, pamene ku Embangweni ndi abale a atate ake, ndipo womasulira wochokera ku Dedza amene aitana "amalume a mwanayu" angaitane munthu amene kumeneko alibe mphamvu pa mwanayo.

Chotsala ndi kaundula. Zonenedwa m'bwalo zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo mau a womasulira amathera m'mphepo. Woweruza wa Bwalo Lalikulu ku Mzuzu amene akuunikanso mlandu wa mnyamata wathu uja adzaŵerenga kuti mwana anavomera, ndi kuti anapezeka "responsible", zonse zili m'malo mwake. Sadzaona kuti funso linali lakuti "unalakwa?" ndipo yankho linali la mwana wogwada. Tikupempha kuti pa malo aŵiri okha, pofunsa mwana ngati akuvomera ndi pomuuza chimene bwalo lapeza, mlembi alembe mau enieniwo amene ananenedwa, m'chiyankhulo chimene ananenedwera, pamodzi ndi yankho la mwanayo liu ndi liu.